Sitima Yopanda Njanji

1. Mawu amene ndinawameza

Kwa masabata atatu athunthu Ababa ankangoimba mluzu. Pometa ndevu, mluzu. Posita malaya, mluzu. Magetsi azime pakati pa mpira, mluzu womwewo. Aneba anafika pondifunsa ngati penshoni yakwera.

Woyambitsa zonsezi ndinali ine.

Tsiku lomwe zotsatira za mayeso omaliza a sekondale zinatuluka, ndinawapeza pakhonde akukonza ayironi ya aneba. Ndinawapatsa foni kuti aone. Masamu bho. Fizikisi bho. Chingerezi chokha ndiye chinapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

"Wagwira ntchito, Kawasha," anatero. "Ndiye tsopano ukufuna kuphunzira chiyani?"

Kawasha ndi ineyo. Akuti ndinabadwa wochepa ngati washa wa bawuti, dzina n'kukanirira mpaka lero.

"Ndikufuna kuphunzira kupanga dizaini ya sitima."

Ababa anaika sikuludiraiva pansi pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Sitima? Magazi sanama, mwana wanga. Magazi sanama."

Ababa anagwira ntchito zaka 27 ku wekishopu ya njanji. Anali fitala, ndipo mpaka pano, atapuma kale, aliyense amawaitana kuti a Fitala. Injini ikalira patali amatha kukuuzani kuti beringi yatopa. Achimwene anga awiri onse anathawa girisi. Wina ali ku banki, wina amajambula maukwati. Ndiye mtsikana womaliza kutchula sitima, kwa Ababa inali ngati mvula yoyamba.

Koma chinenero chathuchi chili ndi msampha. Yoyenda panjanji, sitima. Yoyenda pamadzi, sitimanso. Ine ndinkanena yapamadzi.

Mawu akuti "yapamadzi" anali kale pansonga ya lilime. Nditaona mmene maso awo ankawalira, ndinawameza. Ndinati ndinena mawa. Mawalo linasanduka sabata, sabata n'kubereka anzake awiri.

Za madzizi zinandigwira m'kalasi ya fizikisi. Aphunzitsi anaponya msomali m'diramu, n'kumira. Kenako anaika beseni lachitsulo, lolemera kuposa msomaliwo kutalitali, ilo n'kuyandama. Kuyambira tsiku limenelo zitini za mafuta ophikira sizinkatayidwanso kwathu. Ndinkazidula, kuzipinda, kuzimata ndi sodala ya Ababa, n'kumaziyesa m'bafa kuseri kwa nyumba. Ababa ankaziona ndithu, koma ankayesa ndikupangira ana a aneba zoseweretsa. Foni yanga inadzaza ndi masikirinishoti a makosi mpaka inayamba kukana zithunzi.

Fomu yofunsira malo ku koleji ya zapamadzi inali m'chikwama changa. Dedilaini, Lachisanu masana. Pansi pake panali mzere woti kholo lisaine.

Ndiye Lachiwiri Ababa anabwera atanyamula jumbo. Mkati munali ovololo yawo yakale, yochapidwa bwino, yofupikitsidwa miyendo.

"Ndalankhula ndi a Kapitawo aku wekishopu," anatero. "Chaka chino akutenga apurentisi mmodzi yekha. Mmodzi. Akusungira iwe. Lachinayi mmawa tikaonekere, ukasaine."

"Zikomo, Ababa."

Mluzu unayambiranso.

2. Njira zitatu pa tebulo lodulira

Lachitatu ndinathawira kwa Azakhali, mlongo wawo wa Ababa. Ndi telala. Kashopu kawo n'kopanikiza: makina awiri, tebulo lodulira, galasi long'aluka pakona, ndi mapatani a pepala lakhaki atapachikidwa pamisomali khoma lonse.

"Ovololo yakukwana?" anafunsa ali ndi mapini pakamwa. "Ndafupikitsa ndine. Bambo ako anakhala pampando uwo maola awiri akundisimbira za iwe. Makasitomala awiri anatopa n'kupita."

Ndinawauza zonse, osasiya kanthu. Azakhali anachotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi kuti aseke bwino.

"Ndiye sitima yakoyo ilibe njanji. Koma ana inu. Tandionetsa."

Ndinayala fomu pa tebulo lodulira, foni pambali pake.

"Njira zilipo zitatu, Azakhali. Yoyamba ndi digiri. Amaitcha naval architecture."

"Nevo? Ukufuna usilikali?"

"Ayi. Ndi kuwerengera ndi kujambula sitima isanapangidwe. Italike bwanji, inyamule zochuluka bwanji, injini ikhale pati kuti isapendekeke. Zaka zinayi, masamu heve, kompyuta tsiku lonse. Amafuna wokhoza masamu ndi fizikisi, ndipo ine ndakhoza."

"Yachiwiri?"

"Dipuloma ya boat building, koleji yomweyo. Zaka zitatu. Kujambula kulipo, koma theka la nthawi umakhala ku yadi komwe amakhomera maboti. Kuwotcherera, kudula aluminiyamu, kumata faiba. Ukakhoza bwino amakulola kudzalowa digiri chapakatikati."

"Yachitatu?"

"Kukapempha malo kwa okhoma maboti, kuphunzira pamanja, kwinaku ukuchita kosi ya pa intaneti. Koma imeneyo imafuna data ndi mutu wolimba, palibe wokudzutsa. Ndipo pepala lake si onse amalilemekeza."

"Iwe wasankha iti?"

"Digiri. Ndachonga kale ndi pensulo."

"Chifukwa?"

"A digiri savala ovololo."

"Ehe," anatero Azakhali, n'kubwerera kumakina. "Nanga bambo akowo uwatani?"

Ndinatsitsa mawu ngakhale tinali awiri. "Ndili ndi pulani. Magalasi awo anathyoka, anawakhalira sabata yatha. Ndikapinda fomu apa, n'kuwauza kuti ndi za sitima, asaina. Si bodza, eti? Ndi za sitima ndithu. Mawa ndikasainenso ku wekishopu kuti asakhumudwe. Koleji ikadzayankha ndidzaona potulukira."

Makina analeka kulira. Azakhali anatembenuza mpando.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Ine ndasoka zaka makumi atatu. Kasitomala akabwera n'kunena kuti ndisokereni diresi, ine n'kuona kuti iye akuganiza lalitali pomwe ine ndikudula lalifupi, n'kukhala chete, tsiku lodzatenga sindinganene kuti mesa munati diresi. Pamenepo ndamunamiza. Bodza silikhala pa zolankhula zokha, limakhalanso pa zimene wasiya dala. Ndipo nsalu ukaidula siibwerera.

"Bambo akowo asaina, inde, chifukwa amakukhulupirira. Koma tsiku lomwe adzadziwe, sadzasainanso pepala lako asanaitane munthu wina kuti awawerengere. Ukufuna zimenezo? Kholo kumaitana neba kuti aone ngati mwana wake sakulipusitsa?

"Chinanso, malo aku wekishopuwo si ako wekha. Pali mwana wa munthu wina amene akuwadikira, amene sitima yake ndi ya njanji yeniyeni. Iwe ukasaina mawa n'kuthawa mwezi wamawa, wamuphera chaka chathunthu, ndipo a Kapitawo sadzamveranso pempho la bambo ako. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankha phanga limodzi, ulowemo masana anthu akuona."

Ndinayamba kulongeza, ndipo kaboti kanga ka chitini kanagwa m'chikwama. Azakhali anakatola, n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Kutsogoloku kwakwinyika bwanji?"

"Lata limakana kupindika bwino pamenepo."

"Likane bwanji? Ukufuna chinthu chafulati chikumbatire mimba popanda kuchichotsera kanthu?" Anatenga pepala lakhaki ndi sizasi. "Phewa la jekete timalipanga chonchi. Umadula kachidutswa kosongoka apa, n'kulumikiza mbali ziwirizi. Waona? Lazungulira lokha."

Pepala linapindika ngati mphuno ya boti yeniyeni. Ndinalijambula pa foni katatu.

"Ndiye anthu amapita ku koleji zaka zinayi kukaphunzira utelala wa zitsulo," anatero Azakhali. "Akanabwera kuno ndikanawaphunzitsa miyezi isanu ndi umodzi."

Nditafika kunyumba ndinadula chitini china motsatira patani ya Azakhali. Fomu sindinaitulutse.

3. Cholembera cha a Kapitawo

Lachinayi tinanyamuka mmamawa. Ababa anavala jekete la ku tchalitchi ndi kapusi yakale ya kuntchito. Ine ovololo, chikwama kumsana.

Wekishopu ndi chinyumba chachitali ngati bwalo la mpira lofoleredwa. Njanji zimalowa mpaka mkati. Pansi pa injini ina panali dzenje lalitali, ndipo anthu awiri anali momwemo ndi matochi. Mawilo achitsulo anandandalikidwa awiriawiri m'mbali mwa khoma. Pamwamba kireni inkayenda ikulira. Paliponse fungo la girisi ndi chitsulo chopsa.

"A Fitala abwera," wina anakuwa kuchokera m'dzenje muja. "Bisani masipanala, awerenga."

"Iwe ukanali kumanga mabawuti ndi mano?" anayankha Ababa, nkhope yonse ili mano okhaokha. "Bwera udzaone wokulowa m'malo."

Anandizunguliritsa ponseponse. Anandionetsa benchi yawo yakale ndi vaisi yopanira zitsulo yomwe akuti imadziwa dzanja lawo lokha. Aliyense amene takumana naye ankauzidwa zomwezo: "Uyu ndi womaliza wanga. Anasankha yekha, ine sindinamukakamize."

Ofesi ya a Kapitawo ndi kachipinda ka magalasi pakona. A Kapitawo ndi munthu wamfupi, wa imvi, magalasi atapachika pachingwe m'khosi. Iwo ndi Ababa anayamba ntchito chaka chimodzi. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo anyamata atatu anaima pamenepo ngati akufuna china chake.

Pa tebulo panali pepala ndi cholembera.

"Khala pansi, mwana," anatero a Kapitawo. "Usanagwire cholemberacho umve kaye. Ine ndaona ana ambiri akulowa pachitseko icho. Ena amabwera chifukwa kunyumba kwatopetsa. Ena chifukwa bambo wanena. Amenewo ndimawadziwa pofika mwezi wachitatu, amayamba kudwala mutu Lolemba lililonse. Ntchito ino siifuna munthu amene thupi lili pano mtima uli kwina. Bawuti imodzi ukaimanga ukuganiza zina, kumeneko kuli anthu mazana atakhala m'mabogi, ena akuyamwitsa, ena akugona, onse akukhulupirira dzanja lako osakudziwa n'komwe.

"Pa malo amenewa panali mayina asanu ndi awiri. Ndakuika pamwamba chifukwa bambo akowa sanandipemphepo kanthu zaka zonsezi, ndipo akuti sitima unaitchula wekha. Ndiye ndikufunsa kamodzi kokha. Ukasaina apa ndi zaka zinayi. Ukuifunadi?"

Cholembera chinali kale m'dzanja langa. Ababa anaima kumbuyo kwanga, dzanja lawo paphewa panga. Linali lofunda.

Cholembera chija ndinachibweza pa tebulo.

"Pepani, a Kapitawo. Pepani, Ababa. Sitima yomwe ndinkanena ine ilibe mawilo."

"Ilibe mawilo?" anafunsa a Kapitawo.

"Ndi yapamadzi."

Kunja kireni inali ikulirabe. Mmodzi wa anyamata apachitseko anayesa kugwira pakamwa koma zinakanika, phwete linatuluka. Anzake anamukoka n'kuchoka naye.

Dzanja linachoka paphewa panga. Ababa anavula kapusi, anayang'ana mkati mwake, anaivalanso. Kenako anatuluka.

A Kapitawo anatenga pepala lija n'kuliika m'dirowa.

"Wachita bwino kunena lero," anatero. "Wachita zoipa kusanena kale. Zonse ziwiri ndi zako, unyamule. Malowa apita kwa mwana wa mayi amene amatisesera muno, wakhala akundilondola kuyambira chaka chatha. Tsopano pita. Akakwiya amakakhala kuthanki, kuseri kwa osula zitsulo. Sanasinthepo."

4. Kuthanki

Thankiyo ndi chimbiya chachitsulo chachitali ngati bedi, chodzaza madzi akuda, momwe amaziziritsira zitsulo zotentha. Ababa anakhala pa chidutswa cha njanji pambali pake. Ndinagwada chapatali pang'ono.

"Dzuka, uipitsa ovololo. Khala apa."

Ndinakhala.

"Kawasha, za madzizo sindinakwiye nazo. Achimwene ako wina amawerenga ndalama za eni, wina amathamangitsa akwati ndi kamera, ndinawamenya? Chandiwawa ndi masabata atatu. Masabata atatu ukundiona ndikuvina nyimbo yomwe siikuimbidwa, iwe uli phee. Ndauza a kutchalitchi. Ndauza wometa tsitsi. Ndakagogoda kwa mnzanga amene sindinamugogoderepo. Ukanandiuza tsiku lomwelo ndikanakhumudwa mpaka madzulo, basi. Nkhani yowawa ili ngati dzimbiri. Ukaipala lero ndi sandipepa, ukaisiya mwezi pafunika kudula chitsulo.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga. Safunsa anadya phula. Ndinamva mawu amodzi, ndinathamanga nawo osafunsa kuti sitima yake iti. Koma iwe uphunzire lero. Munthu amene umamukonda usamamusungire chimwemwe chabodza. Ukuganiza kuti ukumuchitira chifundo, chonsecho ukumukweza pamtengo woti adzagwe."

"Ndamva, Ababa. Pepani. Palinso china. Ndinkafuna kupinda fomu ya koleji kuti musaine osawerenga, poti magalasi anathyoka."

Anatembenukira kwa ine.

"Wakuletsa ndani?"

"Azakhali."

"Mlongo wangayo pakamwa ngati makina ake, koma mutu ulimo." Anapukusa mutu. Kenako anatola nati pansi n'kuiponya m'thanki. Inamira pomwepo. "Tsopano tandiuza. Ine chitsulo ndachigwira moyo wanga wonse. Chimamira. Iwe ukuti ukaphunzira kuchiyendetsa pamadzi. Ukudziwapo kanthu, kapena ndi za pa foni chabe?"

Ndinatsegula chikwama n'kutulutsa kaboti katsopano kaja. Ndinakaika pamadzi. Kanakhala bwinobwino.

"Chimene chimayandamitsa si kupepuka, Ababa, ndi kapangidwe. Kabotika kakakhala pamadzi kamakankha madzi ena kuti kapeze malo. Madzi okankhidwawo akalemera mofanana ndi iko, kamaleka kutsika. Nati ija ndi yaing'ono, imakankha madzi ochepa, ndiye imapita pansi."

"Hmm. Kanyamula zingati?"

Ndinatola manati m'chitini cha zotsala. Ndinayamba kuwayala pansi pa kaboti, imodzi imodzi, uku ndi uku. Atakwana khumi, anyamata aja anali atabwera. Atakwana khumi ndi asanu, a Kapitawo nawonso anali ataima kumbuyo.

"Akafika twente kamira," anatero uja anaseka muofesi.

"Iwe unamira kale pa mayeso a ufitala a giredi thiri," anatero Ababa osatembenuka. "Pitiriza, Kawasha."

Twente inakwana. Kaboti kanatsika pang'ono koma kanali chilili.

"Tsopano onani izi." Ndinachotsa manati onse. Ndinagoneka kathabwa pamwamba pa kaboti, n'kusanja manati khumi okha pakathabwapo. Ndinakankha madzi pang'ono ndi chala. Kaboti kanapendekeka, kanayesa kubwerera, kenako kanagudubuka. Manati onse phuu pansi.

"Theka la katundu, koma kagwa," anatero a Kapitawo.

"Chifukwa kulemera kwakwera pamwamba," anatero Ababa msangamsanga, ine ndisanatsegule pakamwa. "Ndi chimodzimodzi bogi. Ukaika zolemera pamwamba imakagwa pakona. Ndakhala ndikuwauza opakira zaka ndi zaka." Anakwinya dzanja la jekete la ku tchalitchi, analowetsa mkono m'madzi akudawo, n'kuvuula kaboti. "Ndiye ntchito yake ndi imeneyi? Kudziwiratu pomwe chigwere chisanapangidwe?"

"Ndi imeneyo."

Anakhuthula madzi, anakapukuta ndi mpango, anakaikanso pamadzi kopanda kanthu. Anawerama n'kumayang'anitsitsa. Patapita kanthawi analoza ndi chala. Pamsoko wa kutsogolo panali kadontho, kenako kena.

"Dizaini ndi yabwino. Koma msoko wako ukudontha. Wamata ndani?"

"Ndine."

"Ndi sodala yanga? Usamauze anthu."

Anyamata anaseka, nanenso ndinaseka.

5. Mzere wosaina

"Bweretsa fomuyo," anatero Ababa. "Akulu, tandibwerekeni magalasi."

A Kapitawo anavula chingwe m'khosi. Ababa anavala magalasiwo, anayala fomu pabondo, n'kuyamba kuwerenga kuyambira pamwamba penipeni, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Anawerenga ngakhale adiresi. Ndinawafotokozera njira zitatu zija monga ndinachitira kwa Azakhali. Atafika pomwe ndinachonga ndi pensulo anaima.

"Digiri."

"Eya."

"Sindikusankhira. Ndasankhira kale kamodzi, taona mmene zathera. Koma umve ichi. Kuno kunkabwera mapulani ojambulidwa ndi anthu ophunzira kwambiri, oyera bwino, manambala onse olondola. Ukapita pa injini, ukupeza bawuti aiika pamalo poti sipanala singalowe. Munthu wajambula bawuti koma sanaimangepo chibadwire. Ife tinkagona chagada m'dzenje umo theka la tsiku chifukwa cha mzere umodzi womwe iye anaujambula akumwa tiyi. Tinkamutukwana osamudziwa dzina.

"Sindikuti digiri ndi yoipa. Popanda amenewo sitima sizikanakhalapo, ife timangomanga zomwe iwo aganiza. Ukaitenga ndidzavala jekete lomweli kubwera kudzakuombera m'manja. Koma kulikonse komwe upite, pa holide uzikapempha kugwira chitsulo. Amene adzamange zojambula zako asadzakutukwane."

Ndinayang'ana kaboti. Madzi anali atafika kale kotala, kakutsika pang'onopang'ono popanda nati ngakhale imodzi.

"A Kapitawo, muli ndi labala?"

Anapisa m'thumba la malaya n'kundipatsa kachidutswa kakuda ndi girisi. Ndinafufuta pa digiri. Ndinatenga cholembera n'kuchonga pa dipuloma.

"Waganiza bwino?" anafunsa Ababa. "Usachite pofuna kundisangalatsa. Matenda amenewo tangochira kumene."

"Masamu ndikuwatha kale, Ababa. Chomwe sinditha ndi msoko. Ndiyambe ndi chimenecho. Digiri ndidzailowa chapakatikati, khomo lake lilipo."

"Ndiye ovololo siinapite pachabe," anatero a Kapitawo.

Ababa anasaina. Siginecha yawo ndi yaitali, ya michira iwiri, ndipo anaikoka mosafulumira. Atamaliza anauzira inki ngati ingafufutike. Kamluzu kanayamba kutuluka, kotsika, ka nyimbo yomwe ija.

"Ukapereke lero lomwe, usadikire mawa," anatero. Akundipatsa pepalalo analitembenuza. "Dikira. Kuseri kulinso zolemba."

"Ndi tizilembo tating'ono chabe, Ababa. Palibe amawerenga."

"Ine ndimawerenga."

Chala chinayambanso ulendo wake. Chinadutsa mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi chinaima. Mluzu unaduka. Ababa anakweza pepala kufupi ndi maso, kenako analipereka kwa a Kapitawo pamodzi ndi magalasi.

A Kapitawo anawerenga mokweza, akumasulira okha. "Onse ofunsira dipuloma adzayesedwa pa tsiku la intavyu. Ayenera kusambira mamita makumi asanu osapuma, atavala ovololo." Anatsitsa pepala. "Intavyu yake ndi pa 19. Kwatsala masiku khumi ndi awiri."

Anyamata aja anasiya kuseka. Onse anatembenukira kwa ine.

"Kawasha," anatero Ababa mofatsa, "madzi akuya kwambiri amene unalowamo chibadwire ndi ati?"

Ndinaganiza kaye, chifukwa tsiku limeneli silinali loti ndinamenso.

"Bafa lakuseri kwa nyumba."

Ababa anayang'ana a Kapitawo. A Kapitawo anayang'ana anyamata. Panalibe ndi mmodzi yemwe pakati pawo amene ankatha kusambira.